Magazini ya WASI ndi malemu Steve Chimombo: lipoti la mkonzi wa ku Zomba

Pulofesa Steve Chimombo atamwalira pa 11 Disembala 2015, ambiri anawalira ngati mlakatuli wa Napolo komanso mphunzitsi amene anasula ophunzira ochuluka pa Chancellor College. Zonsezo n'zoona. Koma ife amene timadyera kusanja masamba ndi kukokanakokana ndi osindikiza timawakumbukiranso pa ntchito ina imene pa maliro siimveka kwenikweni. Iwo anali mkonzi ndi mwini wake wa magazini ya zaluso yotchedwa WASI, imene inkakonzedwa muno mu Zomba, ndiponso mwini wa WASI Publications, dzina limene lili pa mabuku awo ambiri a m'zaka zakumapeto. Lipoti ili likunena za ntchito imeneyo.

Ine ndimakonza zolembedwa za anthu: timagazini ta masukulu, timabuku ta mipingo, malipoti a mabungwe, nthawi zina ndakatulo za munthu amene wasunga ndalama zake kuti aone dzina lake pachikuto. Kagulu ka achinyamata olemba, ena ophunzira pa yunivesite ku Chirunga, ena aphunzitsi a sekondale okhala ku Chinamwali ndi ku Matawale, kanandipempha kuti ndikathandize kuyambitsa magazini. Ndisanawauze mtengo wa pepala ndinati tiyambe taona za magazini imene inakhalapo kale m'tauni mwathu momwe muno, chifukwa mavuto amene a Chimombo anakumana nawo sanasamuke. Zimene zili m'munsimu ndi zimene ndinawalembera, pamodzi ndi zimene zinachitika titayamba ntchito.

Munthuyo

A Chimombo anabadwa pa 4 Sepitembala 1945 kuno ku Zomba. Sekondale anaphunzira pa Zomba Catholic, imene tonse timangoti Box 2, kenako analowa Yunivesite ya Malawi. Maphunziro ena anakachita ku Wales ndi ku Leeds, ndipo udokotala anakautenga ku Columbia University mumzinda wa New York. Anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College mpaka kufika pa upulofesa.

Ali khanda la chaka chimodzi, mu Disembala 1946, chimvula choopsa chinagwa pa phiri la Zomba, madzi ndi miyala zinatsika n'kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula chilichonse chili m'njira mwake. Chinjoka chimenechi a Chimombo anayenda nacho m'zolemba zawo moyo wawo wonse, ndipo m'masiku amene munthu sukanayerekeza kutchula dzina la wolamulira, kukamba za chinthu chokhala pansi panthaka chimene chimadzuka osachenjeza n'kumeza anthu kunali kulankhula kokwanira, wamakutu ankamva. Za ndakatulo ndilekera pomwepa. Alipo ena amene ntchito yawo ndi imeneyo.

Kumene wolemba akanapita ndi zolemba zake

Mphunzitsi wa pa yunivesite, wa malipiro ake pakutha pa mwezi, anadzisenzetseranji mtolo wa usindikizi? Yankho lili m'mene zinthu zinalili. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene linabala bungwe lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo. Sewero lisanaonetsedwe linkayamba lapita ku bungwelo kuti akaliwerenge, ndipo buku loletsedwa kungopezeka nalo unali mlandu. Olemba a pa Chancellor College anayambitsa Writers Group mu 1970, koleji idakali ku Chichiri mu Blantyre, ndipo anabwera nalo gululo ku Zomba pamene koleji inasamukira ku Chirunga mu 1973. M'gulu limeneli munadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Felix Mnthali, a Anthony Nazombe, a Ken Lipenga ndi a Chimombo amene. Zolemba zawo zinkatuluka m'kapepala ka gululo kotchedwa The Muse, kotaipidwa pa stensulo n'kupukusidwa pa makina, komanso m'magazini ya pa koleji ya Odi. Achinyamata anga stensulo sanaionepo, ndiye ndinachita kuwafotokozera: ukalakwitsa chilembo chimodzi umapakapo mankhwala ofiirira, kudikira kuti aume, n'kutaipanso pomwepo, ndipo ikang'ambika tsamba lonse umayambiranso.

Kunja kwa koleji makomo anali owerengeka. Popular Publications ya ku Limbe, eni magazini ya Moni imene inayamba mu 1964, anatsegula Malawian Writers Series mu 1974, ndipo sewero la a Chimombo la The Rainmaker linatulukira kumeneko mu 1978. A Dzuka anatulutsa sewero lawo la Chichewa, Wachiona Ndani?, mu 1983. Koma wosindikiza aliyense wa malonda maso ake amakhala pa mabuku a sukulu ndi a mapemphero, kumene kuli ogula, ndipo ndakatulo palibe amene amazithamangira. Ku Blantyre a Aubrey Kalitera anali ataonetsa kale njira ina, yodzisindikizira wekha mabuku ako pansi pa dzina la Power Pen Books ndi magazini yako, Sweet Mag.

Chaka cha 1987 ndicho ine ndimachiona ngati pamene zinthu zinakhotera. M'chaka chimenecho a Chimombo anatulutsa Napolo Poems pansi pa dzina la Manchichi Publishers muno mu Zomba, osadikira London kapena Limbe. M'chaka chomwecho, pa 25 Sepitembala, apolisi anagwira a Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ija, ku Gymkhana Club, n'kukawatsekera ku Mikuyu osawazenga mlandu mpaka Meyi 1991. Mu 1988 oweruza a Noma Award, mphoto ya mabuku osindikizidwa mu Africa, anatchula Napolo Poems pakati pa mabuku oyenera ulemu wapadera. Kabuku kosindikizidwa pakhomo kanamveka kunja. Pofika 1990 magazini ya WASI inali itayamba kutuluka, mnzawo Mapanje adakali m'ndende kunja kwa tauni kuno. Amene amayambitsa magazini lero, wopanda woti angamugogodere usiku, aziikumbukira mfundo imeneyi asanayambe kudandaula.

Chimene WASI inkachita

Dzinali ndi chidule cha Writers and Artists Services International. Poyamba magaziniyo inkatchedwa WASI Writer, kenako inangokhala WASI, magazini ya zaluso. Achinyamata anga anabwera ndi maganizo akuti magazini ya olemba ndi thumba lothiramo ndakatulo ndi nkhani zazifupi. Apa ndi pamene ndinatsutsana nawo kwambiri, chifukwa mphamvu ya WASI inali pena. Inkalemba za luso: buku latsopano latuluka, mwini wake ndani, lili bwanji, olemba ndi azisudzo akuchita chiyani, ojambula ndi osema ali pati, wolemba angapite kuti ndi zolemba zake.

Kulemba zoterezi kumaoneka ntchito yonyozeka poyerekeza ndi kupeka ndakatulo. Koma taganizani. Buku limakhala pa shelefu zaka ndi zaka. Sewero limatha usiku womwewo. Travelling Theatre ya Chancellor College inayendayenda m'maboma, ana a sekondale anapikisana chaka ndi chaka m'zisudzo za ATEM, bungwe loona za kaphunzitsidwe ka Chingerezi, malemu Du Chisiza Jr. anadzaza maholo ndi gulu lawo la Wakhumbata kuyambira 1987 mpaka imfa yawo mu 1999. Zimene zinkachitika pa siteji masiku amenewo, foni zojambula kulibe, zimatsala pokhapokha ngati wina anakhala pansi n'kulemba kuti sewero lakuti linaonetsedwa kwakuti, ochita anali akutiakuti, ndipo anthu analilandira motere. Nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku imalemba zimenezi ikakhala ndi malo, ndipo mawa lake yakulungidwira mandasi. Magazini ya zaluso ndiye kwawo kwa nkhani zimenezi.

Mukaika pamodzi mabuku a a Chimombo amene si ndakatulo kapena nthano zopeka, mumaona kuti khalidwe losunga mbirili linali lawo ndithu. Mu 1987 anatulutsa mndandanda wa zonse zolembedwa zokhudza nthano, nyimbo ndi miyambi ya m'Malawi kuyambira 1860 mpaka 1986. Mu 1988 kunabwera Malawian Oral Literature. Mu 1992 anasonkhanitsa Directory of Malawian Writing. Mu 1996, pamodzi ndi akazi awo, mayi Moira Chimombo, anatulutsa The Culture of Democracy, buku lofotokoza mmene chilankhulo, zolemba ndi luso zinayendera pakati pa 1992 ndi 1994, nthawi ya kalata ya maepiskopi, riferendamu ndi chisankho. Mu 2007 anachitanso chimodzimodzi ndi mliri wa Edzi m'buku la AIDS Artists and Authors, kuona mmene oimba, olemba ndi ojambula anauyankhira. Zinthu zambiri za m'nyengo ya matipate zinali timapepala togawidwa mobisa, zojambula zoseketsa za m'nyuzipepala zimene zinafa kalekale, nyimbo za pa misonkhano. Munthu amene ankazitola pamene anzake ankangoziwerenga n'kutaya ndiye mkonzi amene ndikunena.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinawabisire achinyamatawo. Munthu akakhala wolemba, mkonzi ndi wosindikiza wa mabuku ake omwe, amasowa diso lachiwiri. A Referendum of the Forest Creatures ya mu 1993, The Wrath of Napolo ya mu 2000, The Hyena Wears Darkness ya mu 2006, onsewa anatuluka ku WASI Publications. Ubwino wake ndi woonekeratu: buku la riferendamu linatuluka m'chaka cha riferendamu chomwecho, zimene wosindikiza wakunja sakanakwanitsa. Kuipa kwake ndi kwakuti buku lotere limayenda pamene mwini wake angafike. Napolo and the Python, limene Heinemann anatulutsa mu 1994 mu African Writers Series, linalowa m'njira zogulitsira mabuku za kampani yaikulu ya m'maiko ambiri. Mabuku osindikizidwa mu Zomba analibe mwayi wotero. A Chimombo anali katswiri wa chilankhulo, woti akhoza kudzikonzera yekha zolemba zake. Wachinyamata wa zaka 23 amene akufuna kuwatsanzira pa kudzisindikizira ayambe wawatsanzira pa kuwerenga.

Ndalama ndi kagulitsidwe

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene timagazini timafera.

Magazini yomangidwa ndi mawaya pakati imayenda ndi masamba anayianayi, poti pepala limodzi la A3 likapindidwa limabala masamba 4 a A4. Ndiye mumasankha 16, 20, 24, 28 kapena 32. Mukabwera ndi nkhani zodzaza masamba 25, mulipira 28. Pa makina aakulu a ofuseti, wosindikiza amayamba wapanga mapuleti, ndipo chikuto cha mitundu yonse chimafuna mapuleti 4, mtundu uliwonse puleti yake. Mtengo wa mapuleti ndi wotchera makina ndi umodzimodzi kaya musindikiza makope 200 kaya 5,000. Kope loyamba ndilo lodula, enawo amanka natchipa. Magazini ya zaluso, ya owerenga ochepa, imagwera kumene kope lililonse ndi lodula. Masiku ano kuli makina a dijito amene safuna mapuleti ndipo amalola kusindikiza pang'ono, koma pamenepo mtengo wa kope sutsika ngakhale muchulukitse.

Pepala losindikizira, inki ndi mapuleti zonse zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Tsono onani zimene zinagwera wosindikiza wamng'ono m'zaka zimene WASI inali yaing'ono. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a ku Chirunga anaguba m'misewu ya Zomba kuivomereza. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 kunali chisankho. Pakamwa panatseguka. Koma mu Febuluwale 1994 momwemo boma linaisiya kwacha kuti iziyenda yokha pa msika, ndipo pamene dola inkagulidwa ndi makwacha osakwana 5, chaka chisanathe inali pafupifupi makwacha 15. Pakati pa zaka za m'ma 1990 Malawi Book Service, kampani ya boma imene inali ndi masitolo a mabuku m'matauni ndipo inkafikitsa mabuku m'masukulu, inatha. Ufulu wolemba unafika pamodzi ndi pepala lokwera katatu ndi mashelefu ochepa oikapo chimene walembacho.

Nthawi yomweyo nyuzipepala zinaphuka zoposa 20, zonse zikulimbirana owerenga omwewo ndi otsatsa malonda omwewo. Zambiri sizinakhalitse. The Nation, imene a Aleke Banda anayambitsa mu Julaye 1993, ndi imodzi mwa zochepa zimene zilipobe. Anthu amakonda kunena kuti zolemba za m'Malawi zinaphedwa ndi bungwe lounika mabuku lija, ndipo zoipa zimene linachita palibe angazikane. Koma timagazini tonse timene ine ndationa tikufa m'manja mwanga tinafa mu ufulu, popanda wapolisi ngakhale mmodzi kufika pakhomo. Tinafa chifukwa kope lachiwiri linasowa ndalama zimene zinali zidakali m'masitolo ndi kope loyamba.

Zimayenda motere. Wosindikiza amafuna ndalama yachikole asanayatse makina, yotsalayo potenga katundu. Wa sitolo salipira polandira. Amati siyani, tikagulitsa tidzakupatsani, zotsala mudzatenge, ndipo pa zogulitsidwazo amadulapo gawo lake. Venda wa pamsewu amakonda nyuzipepala imene imatha m'mawa womwewo, safuna kusenza magazini imene ikhale naye mwezi ikuda ndi fumbi. Kuti mukatole ndalama za makope owerengeka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ya minibasi imaposa imene mukukatengayo. Mumalipira lero, mumalandira mwina pakatha miyezi, kwacha itagwanso.

Magazini amene akhalitsa m'dziko muno ali ndi kena kowagwira kumbuyo. Moni inali ndi makina a Montfort Press. The Lamp, imene inayamba ku Balaka mu 1995, ili ndi ansembe Achikatolika a Montfort ndi maparishi, kumene Lamulungu lililonse anthu amasonkhana okha popanda kuwaitanira. Kachere Series, imene inayamba mu Zomba mu 1995, inatsamira dipatimenti ya zaumulungu ya pa Chancellor College. Wosindikiza mabuku a sukulu amayang'ana ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, chifukwa buku likavomerezedwa kuti lilowe m'kalasi ogula apezeka. Magazini ya zaluso yoima payokha ilibe parishi, ilibe silabasi. Chimene chimaigwira ndi mwini wake, nthawi yake, thumba lake ndi dzina lake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma magazini otere m'Malawi muno akhala akusenzedwa ndi mutu umodzi, ndipo mutuwo ukatopa kapena ukagona, dengalo silipeza wolilandira. Dzina la WASI silinasiyanepo ndi dzina la a Chimombo. Ndi ulemu waukulu kwa iwo, ndipo ndi chenjezo kwa ife.

Chilankhulo

WASI inkatuluka makamaka m'Chingerezi. Zifukwa zake n'zomveka: olemba a ku Chirunga ankalemba m'Chingerezi, ndipo malaibulale a mayunivesite a kunja, amene amalipira ndi ndalama yolimba ndiponso amasunga zinthu mosamala, amawerenga Chingerezi. Koma zimenezi zinatanthauza kuti mayi wogulitsa mumsika wa Zomba, amene amadziwa za Napolo kuposa pulofesa aliyense wa ku Leeds, sanali mwa owerenga.

Pa nkhani imeneyi kagulu kanga kanagawikana. Mtsikana wina wophunzira ku Chirunga anati, "Bambo, tikalemba m'Chichewa atiwerenga ndani kunjaku?" Mphunzitsi wina wa ku Chinamwali anamuyankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Achemwali, kunjako akudikira inu? Ana anga a Fomu 3 ndi awa ali panowa, alibe chowerenga." Ine ndinali mbali ya mphunzitsiyo, ngakhale funso la mtsikanayo si lopusa. Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inabwera mu 1972, ndipo mu 1996 malo ake anatengedwa ndi Centre for Language Studies, imene ili mu Zomba momwe muno ndipo inatulutsa mtanthauziramawu wa chilankhulochi. Alakatuli a Chichewa monga a Benedicto Wokomaatani Malunga ndi a Robert Chiwamba amadziwika mpaka kumudzi, koma ambiri amawadziwa ndi khutu, kudzera pa wailesi ndi pa foni. Masamba a Chichewa m'nyuzipepala, Tikambe ndi Tamvani, amakhala ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Malo amene munthu angaunike mofatsa, m'Chichewa, ndakatulo, sewero kapena chimbale cha nyimbo ndi ochepa kwambiri. Mpata umene WASI inausiya ndi umenewu, ndipo kuudzaza ndiko kupitiriza ntchito ya a Chimombo, kusiyana ndi kungobwereza zimene anachita.

Zimene tinagwirizana ndi zimene zinachitika

Tinagwirizana kuti magaziniyo ikhale ya masamba 24, kukula kwa A5, chikuto cha mtundu umodzi, yotuluka kawiri pachaka. Achinyamatawo ankafuna mwezi ndi mwezi. Ndinawauza kuti magazini yolonjeza kawiri n'kutuluka kawiri imaposa yolonjeza ka 12 n'kutuluka katatu. Chichewa ndicho chilankhulo chachikulu, Chingerezi chili ndi masamba ochepa kumapeto. Akonzi ndi atatu, ndipo udindo wa mkonzi wamkulu umasinthana kope lililonse, kuti pasakhale mmodzi yekha wodziwa kumene kuli mafayilo, nambala ya wosindikiza ndi buku la ndalama. Ndalama sizituluka popanda anthu awiri kusaina. Masitolo tinawasiya kaye. Ofuna kope amalipiriratu pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo timasindikiza molingana ndi amene alipira, n'kuonjezapo ochepa a malaibulale a masukulu. Izi zinatithandiza, chifukwa aliyense akukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mitengo ya osindikiza n'kusintha sabata yomweyo.

PDF tinati izituluka pambuyo, makope a pepala atatha. Ikangolowa pa WhatsApp ndiye kuti yapita, aliyense aitumiza kwa mnzake ulere, ndipo palibe chifukwa chokwiyira, poti kuwerengedwa ndiko timafuna. Koma foni ikatayika kapena gulu likafufutidwa, PDF imapita nayo. N'chifukwa chake ndinaumirira za lamulo la Printed Publications Act, limene limafuna kuti chosindikizidwa chilichonse chikhale ndi dzina la wosindikiza ndi mwini wake, ndiponso kuti kope liperekedwe ku National Archives. Ife a ku Zomba tilibe chowiringula, ofesiyo ili m'tauni mwathu, munthu akhoza kupitako wapansi. Nambala za ISBN za mabuku zimatengedwanso komweko. Magazini nambala yake ndi ina, ISSN, ndipo imakhala imodzi pa makope onse a dzina limenelo, chinthu chimene olemba ambiri amasokoneza.

Chimene chinativuta si chimene tinkachiopa. Ndalama za kope loyamba zinapezeka. Wosindikiza wina anatichedwetsa, magetsi akuzimazima, koma zimenezo ndi za masiku onse. Vuto linali gawo lounika. Tinapatula masamba 8 mwa 24 aja kuti akhale a kuunika mabuku, zisudzo ndi nyimbo, ndi kulemba zimene zachitika m'boma la Zomba pa zaluso, potsata chitsanzo cha WASI. Titaitanitsa zolemba, ndakatulo zinabwera zosefukira, zambiri za chikondi ndi za kukwera mitengo kwa zinthu. Zounika sizinabwere. Titachita kupempha anthu mmodzimmodzi, zimene analemba zinali zoyamikira zokhazokha: bukuli ndi labwino, wolembayu ndi waluso, tiyeni tigule. Nditamufunsa mnyamata wina chifukwa chake sanatchule kuti nkhani imene ankaunikayo imathera m'malere, anati, "Madala, mwini wakeyo timapemphera limodzi, ndipo mlamu wake ndi ahedi athu."

Ameneyo sananame. Zomba ndi yaing'ono. Amene mwamudzudzula Lachisanu mukumana naye Loweruka ku Mpondabwino mukugula tomato. Apa ndi pamene ndinayamba kuona kulemera kwa ntchito imene mkonzi wa WASI ankagwira, kuyendetsa magazini younika luso m'dziko limene olemba onse amadziwana maina ndi kwawo komwe. Njira imene tinapeza ndi yophunzitsa ounikawo kuyamba ndi kufotokoza asanaweruze: bukuli lili ndi masamba angati, latuluka liti, kwa yani, likukamba chiyani, wolemba wayesa kuchita chiyani, ndipo pa zimene wayesazo ndi pati pamene zatheka, ndi pati pamene zakanika, ndi chitsanzo chochokera m'bukumo. Munthu akaona kuti mwamuwerenga mpaka tsamba lomaliza, mawu owawa amawalandira, ngakhale monyinyirika. Maina abodza tinawakana. Wounika asaine dzina lake, ndipo wounikidwa ali ndi ufulu woyankha m'kope lotsatira, m'mawu osapitirira theka la tsamba.

Ntchito ina inabadwira m'kati momwemu. Pofuna zitsanzo zoti ounika athu aphunzirirepo, tinayamba kufunafuna makope akale a WASI kwa aphunzitsi opuma ndi kwa ena amene anaphunzira ku Chirunga m'zaka za m'ma 1990. Amapezeka limodzi kuno, awiri uko, ena chikuto chinachoka, ena chiswe chinalawako. Awiri mwa achinyamatawo atenga udindo wolemba mndandanda wa zimene zili m'kope lililonse limene tapeza: chaka, voliyumu, nambala, tsamba, wolemba, mutu wa nkhani, ndi maina a anthu, magulu ndi malo otchulidwamo. Eni makope sitiwalanda, timabwereka, kulemba, n'kubweza. Kujambula masamba onse n'kuwaika pa intaneti tinati tisachite popanda chilolezo cha banja la malemuwo, chifukwa umwini wa zolemba suthera pa manda. Mndandandawo uzituluka pang'onopang'ono, masamba awiri m'kope lililonse la magazini yathu, ndipo mipata ya manambala amene sitinawapeze tiziisiya poyera kuti amene ali nawo m'katoni kunyumba atidziwitse.